Wafa, pereka padi

Amene ankapanga magemu akale aja sankafuna kuti munthu akhalitse pamakina. Ankafuna kuti ufe msanga, koma ufe mtima ukufunabe, kuti dzanja lilowe lokha m'thumba kukasaka khobidi lina. Malonda onse anagona pamenepo.

Mu 1972, kampani ya Atari itapanga gemu ya Pong, inakaika makina oyeserera m'bala ina yotchedwa Andy Capp's Tavern ku Sunnyvale, m'chigawo cha California. Gemuyo inalibe zambiri: timizere tiwiri toyera, kadontho kothamanga pakati, aliyense n'kumabwezera mnzake kadonthoko. Sipanapite nthawi, woyang'anira bala anaimba lamya kuti chimakina chija chafa. Allan Alcorn, yemwe anachipanga, atafika n'kutsegula anapeza kuti palibe chawonongeka. Mosungira ndalama munali mutadzaza mpaka makobidi kusowa polowera.

Ku Japan, mu 1978, Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito anatulutsa Space Invaders. Zilombo 55 zimatsika kuchokera kumwamba zili m'mizere isanu, iwe uli pansi ndi kamfuti kako. Chimene chimagunditsa mtima n'chakuti ukamazipha, zotsalazo zimawonjezera liwiro, moti chomaliza chimachita kuthamanga ngati chapenga. Izi poyamba sizinali m'mapulani. Makina a nthawiyo anali ofooka, ndiye zilombo zikakhala zambiri ankavutika kuzisuntha, zikachepa ntchito inkawapepukira. Nishikado ataona zimenezi anazisiya dala. Kufooka kwa makina kunamupatsa chimene wopanga gemu aliyense amafuna: munthu amafa ali pafupi kupambana.

Koma pa luso lopha munthu mwaulemu, ine ndimavulira chipewa Pac-Man, yomwe Toru Iwatani wa kampani ya Namco anatulutsa mu 1980. Iwatani ankaona kuti m'nyumba zamagemu munkangodzaza anyamata okonda zowomberana, ndiye anafuna gemu yoti atsikana nawonso aikonde, yopanda mfuti, yongodya basi. Mizukwa inayi imene imakuthamangitsa m'tinjira ta gemuyo siyendera nzeru imodzi. Wofiira umakulondola kumbuyo. Wapinki sulondola pomwe uli, umathamangira kutsogolo kwako kuti ukakutsekereze. Wabuluu umayang'ana pomwe uli iwe ndi pomwe pali wofiira uja, n'chifukwa chake kayendedwe kake kamasokoneza. Wachinayi uja umabwera ngati ukukufuna, koma ukayandikira umatembenuka n'kubwerera kukona kwake. Ikakupanikiza inayi yonse sunganene kuti makina akubera. Umadziwa kuti ukanakhotera kumanzere ukanapulumuka, ndipo kudziwa kumeneko ndi kumene kumakubweza. Opanga ake sanaikonzere n'komwe mathero, poganiza kuti palibe angafike patali. Akatswiri akafika gawo la 256, kawerengero ka makina kamasefukira, theka la sikirini limadzaza zilembo ndi manambala osalongosoka, gemu n'kuthera pomwepo.

Anthu akamakumbuka nthawi imeneyo amakonda kukamba za magemuwo, n'kuiwala oonerera. Makina amenewa ankakhala pagulu, m'mabala, m'malo odyera ndi m'masitolo, ndipo kumbuyo kwa wosewera kunkaima anthu. Ku America wofuna kusewera ankaika khobidi lake m'mphepete mwa galasi kusonyeza kuti wotsatira ndi iyeyo. Asteroids, ya Atari ya mu 1979, inkalola wopambana kulemba zilembo zitatu za dzina lake, zikhale pamenepo mpaka wina adzazigwetse. Pofika 1991, Street Fighter II ya Capcom inachita kukhwimitsa mwambowo: wopambana amakhalabe, wogonja amachoka, wina n'kuponya ndalama kuti ayese mwayi. Imfa yachangu ija, imene mwini makina ankaifuna chifukwa cha ndalama, ndiyo inkayendetsa mzere.

Kwathu kuno zonsezi zinatipita pambali. Pamene ana a ku Tokyo ndi ku New York ankaponya makobidi, Malawi analibe ngakhale wailesi yakanema. TVM inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo nyumba zochepa zimene zinali ndi sikirini isanafike nthawi imeneyo zinkaonerapo matepi a vidiyo. Choncho magemu a m'ma 1980 anatipeza mochedwa, ndipo analowera khomo lakumbuyo. Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan mu 1983, koma ambiri a ife sitinaione ndi maso. Chimene chinatifikira chinali chofananira nacho, chopangidwa mozemba ku Taiwan ndi ku China, chobwera m'zikwama za ochokera ku Joni kapena chogulidwa m'masitolo a m'tauni. Tinkangochitcha TV gemu. Sitinali tokha pa zimenezi, chifukwa ana a ku Russia anakulira pa chofananira chawo chotchedwa Dendy, a ku Poland pa Pegasus. Kaseti ya TV gemu yathu inali yachikasu, pamwamba atalembapo kuti muli magemu 9999999. Ukayamba kutsika mndandanda unkapeza kuti ndi ochepa chabe ongobwerezedwa: Mario yemweyo wangoyambira gawo lina, akasinja omwewo angosintha mtundu. Palibe ankadandaula. Ochepawo ankatikwanira.

Kumene ndinakulira, mzere wonse wa nyumba unali ndi gemu imodzi. Mwana wa m'nyumbamo anali wamng'ono kwa ambiri a ife, koma anyamata omuposa msinkhu ankamuitana kuti achimwene, ndipo akapempha chingwe cha mpira wachikulunga ankapatsidwa mpira wonse. Masilipasi ankaunjikana pakhonde, ife titakhala pansi pasimenti chifukwa mipando inali ya alendo. Mapadi anali awiri, ana odzaza chipinda. Palibe ankaponya khobidi, ndipo palibe mmodzi wa ife anali atamvapo za mwambo wa ku America uja, koma lamulo tinalipeza tokha: wafa, pereka padi.

Super Mario Bros., ya Shigeru Miyamoto ya mu 1985, inali yoyenera lamulo limeneli. Umayamba ndi miyoyo itatu, magawo ndi 32, ndipo palibe posungira pamene wafika. Mwana woyamba kumene ankafa pa kachilombo koyambirira kenikeni, asanathe n'komwe masekondi khumi, n'kubwerera kumapeto kwa mzere akudziwa kuti padi siimubwereranso mpaka dzuwa litapendeka. Ndiye ankaphunzira poonerera. Chipinda chonse chinkasewera nawo. "Dumpha! Dumpha iwe!" "Tenga bowa uyo akuthawa!" "Usalowe paipi imeneyo, lowa inayo!" Wosewera ankapendeka thupi lonse, padi itakwezedwa mpaka kukhutu, ngati kuti Mario akumva kulemera kwake. Tsiku limene mnyamata wina wochokera kudera lina anatisonyeza kuti m'gawo lachiwiri, lapansi panthaka lija, ungathe kukwera pamwamba pa denga n'kuthamanga mpaka kukapeza mapaipi odumphira kutsogolo, nkhani inafika mpaka kusukulu. Kunalibe intaneti yofunsako. Zinsinsi zinkayenda pakamwa, ndipo zabodza zinkayenda limodzi nazo.

Ndimadabwabe ndi kuchepa kwa gemu imeneyo. Yonse ndi makilobayiti 40, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chojambula ndi foni ya masiku ano chimalemera kuiposa kutalitali. Posowa malo, opanga ake anagwiritsa ntchito chojambula chimodzi pa mitambo ndi pa zitsamba, anangosintha mtundu: choyera kumwamba, chobiriwira pansi. Mario mwiniwake, amene anayambira mu Donkey Kong mu 1981, ali ndi masharubu chifukwa pa timadontho tochepa chonchi kujambula pakamwa kunali kovuta, ndipo anamuveka chipewa pozemba ntchito yoyendetsa tsitsi akamadumpha.

Contra, ya kampani ya Konami, ndiyo inkayesa chibwenzi. Mumasewera awiri nthawi imodzi, chipolopolo chimodzi chikakukhudza wafa. Pali gawo lokwera mathithi pomwe sikirini imatsatira amene ali pamwamba, ndiye mnzako akapupuluma iwe umatsalira pansi n'kufa popanda wokuwombera. Choipitsitsa, amene miyoyo yamuthera amatha kutenga moyo wa mnzake n'kubwereranso, osapempha. Ndewu zambiri za pakhonde lija zinayambira pamenepo. Panali njira yopezera miyoyo 30 podina mabatani mwandondomeko gemu isanayambe, chinsinsi chimene Kazuhisa Hashimoto anaika koyamba mu Gradius mu 1986 chifukwa gemuyo inkamuvuta iye mwini poiyesa. Koma pamzere wa ana ambiri miyoyo 30 inali mlandu. Odikira ankakana, ndipo ankanena zoona, chifukwa awiri akatenga miyoyo 30 aliyense, enawo apite kwawo akadye.

Ya akasinja ija, imene dzina lake lenileni ndi Battle City ya Namco ya mu 1985 koma pamakaseti athu inkalembedwa Tank 1990, inali ndi vuto lina. Mumateteza kachiwombankhanga kozunguliridwa ndi njerwa pansi pa sikirini, adani 20 akubwera gawo lililonse. Chipolopolo chako chomwe chimatha kugumula njerwazo n'kupha chiwombankhanga chako. Mwana wamng'ono akalirira padi mpaka kupatsidwa, chinthu choyamba ankatembenuka n'kuwombera chiwombankhanga, gemu n'kuthera pomwepo, iye akuseka.

Akuluakulu analinso ndi gawo lawo. Amayi a m'nyumbamo ankatulukira kuchokera kukhitchini, mthiko uli m'manja: "Ana inu, muwononga TV ya abambo anu. Tagwirani kadaputa ako, katentha. Zimitsani." Kadaputako kankatenthadi, moti tinkachita kukapepeza ndi kope. Chithunzi chikatuluka chosokonekera, kaseti inkachotsedwa, kuuziridwa mpweya, n'kubwezeredwa. Dziko lonse lapansi ana ankachita zimenezi, ngakhale kuti chinkathandiza ndi kuchotsa ndi kubwezerako, pomwe chinyezi cha m'kamwa chinkangochititsa dzimbiri timano ta kasetiyo. Ndipo magetsi akathima wina ali gawo lachisanu ndi chiwiri, zonse zinkapita. Ankangotsala ndi mboni, n'chifukwa chake mboni zinali zofunika. Kunena kuti unafika kwa chinjoka chomaliza cha mu Mario uli wekha kunali kutaya malovu.

Ndikaganiza bwino, masewera amtunduwu tinkawadziwa kale. Pabawo amakhala pansi ndi awiri, koma gemu imakhala ya onse oimirira, amene amawerenga nkhomo mumtima, kung'ung'udza wina akatakata molakwika, n'kumadikira kuti wogonja adzuke. Pac-Man ndi Mario anangofikira pamwambo womwe unalipo.

Kwa amene kwawo kunalibe magetsi kunali Brick Game, kachipangizo kam'manja koyendera mabatire awiri, konena kuti kali ndi magemu 9999. Mtima wake unali Tetris. Alexey Pajitnov anaipanga mu 1984 ku Moscow, pa kompyuta ya Electronika 60 imene inalibe n'komwe zithunzi, moti tinjerwa ta gemuyo anatijambula ndi zizindikiro za pakiyibodi. Popeza anali wantchito wa boma la Soviet Union, gemuyo inatengedwa ngati katundu wa boma, ndipo iye anayamba kulandira ndalama zake mu 1996, dziko lonse litaisewera kale pa Game Boy. Timaumbo take ndi tisanu ndi tiwiri, kalikonse ka timabokosi tinayi, ndipo aliyense amene anaisewerapo akudziwa zowawa za kusiya mpata m'mbali kudikira kautali kaja, iko osabwera, mulu ukukwera. Tetris siipambanika. Imangofulumira mpaka ikuphe. Ngakhale ka Brick Game kaja, kopangidwira munthu mmodzi, ife tinkakasewera pagulu, mitu itagundana kuseri kwa kalasi. Mabatire akafooka manambala ankayamba kuzimiririka, ndiye ankayanikidwa padzuwa kapena kulumidwa pang'ono kuti atulutse mphamvu yotsala. Mafoni atabwera, Snake inalowa m'malo. Nokia inaiika koyamba mu foni ya 6110 mu 1997, ndipo pa 3310 ya mu 2000 panali Snake II. Ana ambiri anabwereka foni ya amalume ponena kuti akufuna kuona nthawi, n'kuwasiyira nambala yapamwamba yoti sangaigwetse. Kenako kunadza timashopu ta PlayStation m'makwalala, pomwe khobidi lija linatipeza tsopano: kulipira pa mpira uliwonse, ndipo nthawi zambiri wogonja ndiye alipire.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mphwanga wina amene anandiikira magemu akalewa pafoni. Masiku ano n'zosavuta. Pali mapulogalamu amene amachititsa foni kapena kompyuta kudziyesa makina akale, monga MAME imene Nicola Salmoria wa ku Italy anaiyamba mu 1997. Kanyimbo ka Mario katangoyamba, zala zinakumbukira zokha pamene pabisika bowa. Koma pulogalamuyo ili ndi batani loti usunge paliponse pamene wafika, ukafa n'kubwerera pomwepo. Ndi batani limenelo ndinadutsa magawo amene mzere wathu wonse unawalephera zaka zambiri, ndinagwetsa chinjoka, ndinampeza mwana wamkazi wa mfumu. Mphwanga uja anangoti, "Mwamaliza, amalume? Bweretsani ndikuikireni ina." Gemu inali yomweyo, kadontho kalikonse pamalo pake, koma kufa kunalibe mtengo. Panalibe wodikira padi kumbuyo kwanga, ndiye manja sanatuluke thukuta ngakhale pang'ono.

Sindikufuna kukhala m'gulu la madala onena kuti zakale zonse zinali zabwino. Magemu ambiri akale anali zinyalala. Mu 1983 malonda a magemu ku America anagwa chifukwa msika unadzaza zosapsa, mpaka Atari inakakwirira makaseti osagulidwa, kuphatikizapo a E.T., kudzala la ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico. Anthu ankayesa nthano mpaka anakafukula mu 2014 n'kuwapezadi. Ndipo magemu ena a lero ndi okongola moti ife a TV gemu sitikanawalota. Dandaulo langa lili pa timagemu tapafoni timene timati n'taulere. Timeneti sitikupha kuti upereke padi. Timakusunga, tsiku ndi tsiku, kukupatsa timphatso ukabwera, kukuopseza kuti utaya zako ukajomba, kukuonetsa malonda akudya bandulo yako, kenako kukugulitsa miyoyo. Makina a m'bala aja anali adyera, koma mtengo wawo unali wolembedwa pakhomo, ndipo ndalama ikatha unkapita kwanu. Komanso ndikaona anyamata atazungulira foni imodzi masiku ano mtima umayamba wasangalala, kenako n'kupeza kuti akubetcha. Pamenepo palibe luso limene woonerera angaphunzire kuti mawa adzachite bwino.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti magemu ovuta aja akadali ndi moyo paliponse pamene apeza oonerera. Tetris ya Nintendo ya mu 1989 ili ndi mpikisano wa dziko lonse chaka ndi chaka kuyambira 2010, ndipo amene akupambana tsopano ndi achinyamata obadwa gemuyo itakalamba kale. Anatulukira kagwiridwe katsopano ka padi, kogogoda ndi zala kunsi kwake kuti batani lidinike mofulumira kuposa mmene chala chimodzi chingathere. Mu Disembala 2023, mnyamata wazaka 13 wa ku Oklahoma, Willis Gibson, anafika pa gawo 157 mpaka gemuyo inauma, chinthu chimene munthu anali asanachitepo m'zaka 34. Ankasewera pamakina akale enieni, opanda batani losungira, anthu akumuonerera pa intaneti. Anaphunzira poona ena, ndipo pasanathe masiku ambiri ena anali atamutsatira.

Vuto limene lilipo ndi la kusunga. Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti mwa magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, 87 pa 100 alionse sankagulitsidwanso paliponse. Ambiri apulumuka chifukwa cha okonda magemu amene anawakopera popanda chilolezo, ntchito yomweyo imene inabala makaseti athu achikasu. Koma pali zina zimene kukopera sikungapulumutse. Duck Hunt, ya mu 1984, yowombera abakha ndi kamfuti kapulasitiki, galu n'kumakuseka ukaphonya, imadalira TV yakale yachimsana ija. Ukakoka kachitsulo, sikirini yonse imada kwa kanthawi kochepa kwambiri, pamalo pa bakha n'kuwala kabokosi koyera, ndipo kadiso ka m'mfutimo kamaona ngati kaloza powala. Ma TV afulati a lero amachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, ndiye mfutiyo imaphonya ngakhale mutaigunditsa pagalasi, monga ankachitira ana onse osafuna kupereka padi. Choncho amene muli ndi TV yachimsana kuchipinda chosungira katundu, musafulumire kuipereka kwa ogula zitsulo. Ndipo mukadzaiyatsa n'kusankha gawo la bakha mmodzi, yang'anirani mnzanu amene wagwira padi ngati akungodikira nthawi yake, chifukwa padiyo ndi imene imayendetsa bakha.